Tsiku Limene a Laitoni Anavula Nsapato

Mwezi uno patha chaka chimwalirireni apongozi anga aamuna, a Laitoni, amene tinawaika kuno ku Gaza, dera la m'tauni ya Chipinge ku Zimbabwe. Pa mwambo wa chikumbutso abusa ananena kuti malemu anali munthu wofatsa. Ine ndinangoweramitsa mutu kuti anthu asaone nkhope yanga, chifukwa ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka zambiri, kuwaphikira ndi kuwachapira, ndipo kufatsako sindinakuone. Anali ouma mutu, onyada, okangana ngakhale ndi wailesi. Ndinkawakonda ndithu, koma mpaka lero ndidakali wokwiya nawo, ndipo mkwiyo waukulu ndausungira anthu ena amene mwina dzina lawo analiiwala kale.

Chimene mkuluyu ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi: kukafika kwawo ku Mulanje mlongo wawo a Filesi adakali moyo, n'kukaonedwa ngati munthu amene anapita kukagwira ntchito, osati amene anatayika. Mawu akuti mtchona ankadana nawo kuposa kutukwanidwa. Anachoka ku Mulanje ali mnyamata, kudutsa dziko la Mozambique wapansi, mpaka kufika m'minda ya tiyi ya ku Honde. Kumeneko anayamba ndi dengu kumsana, n'kukwera mpaka kukhala kapitawo. Anakwatira mkazi wa mtundu wa Amanyika wa ku Samanga, komweko ku Honde, kenako kampani inawasamutsira ku esiteti ina kuno ku Chipinge. Popuma ntchito anagula nyumba imene tikukhalamoyi ine ndi amuna anga a Samisoni, mwana wawo woyamba. Zaka zonsezo ankatumiza mabulangete ndi nsalu kwa a Filesi, koma ulendo wa iwo eni unkangolephereka. Poyamba linali vuto la chitupa, poti ankayesedwa mlendo, kenako matenda a akazi awo, kenako penshoni yawo inasungunuka limodzi ndi ya wina aliyense ndalama za dziko lino zitatha mphamvu. Mafoni atabwera, anayamba kumvana mawu ndi mlongo wawoyo Lamlungu lililonse.

Tsiku lawo linkayamba ndi nsapato. Ankazipukuta asanasambe n'kumaso komwe, ngakhale ulendo wake uli wokakhala pakhonde kuonerera makombi, maminibasi a kuno, opita m'tauni. Tiyi wa m'timapaketi sankamwa. Ankati ndi fumbi losesa m'fakitale, ndipo ankawadziwa amene ankalisesa. Ana anga akawayankha m'Chindau, ankakhala ngati sanamve mpaka mwanayo abwereze m'Chinyanja, kenako n'kundiyang'ana ine, poti mayi anga ndi Mndau ndiye wolakwa ndine basi. Zinthu zikakhala bwino ankanditchula kuti apongozi. Ndikangomva akuti muroora, kutanthauza mpongozi mwa Chishona, ndinkadziwa kuti mwina ndiwo zachepa mchere, mwina nkhani yavuta.

Koma matenda awo enieni anali kanema. Ankasimba kuti kale ku Honde kunkabwera galimoto ya kanema, n'kumanga chinsalu pakati pa mitengo ya bulugama pa komboni, pamene ankakhala antchito. Mafilimu ake anali ophunzitsa, a m'Chingerezi, ndipo poti a Laitoni ankatolako Chingerezi, ankawaimika pambali kuti azimasulira. Iwo ankamasulira zawozawo. Filimu yophunzitsa kukumba zimbudzi anaisandutsa nkhani ya mwamuna wokumba dzenje loti azibisalamo apongozi ake akabwera, komboni yonse n'kufa nalo phwete. Nkhani imeneyi ankainyadira mpaka imfa, ndipo pomaliza ankakonda kunena kuti chithunzi chilibe pakamwa, chimangonena zimene wogwira mawu wafuna. Zimenezi ankazidziwa kuposa tonsefe, n'chifukwa chake zimene zinawachitikira zimandiwawa kwambiri.

Kuonera nawo TV inali ntchito. Mafilimu a nkhondo ndi a chikondi sankawafuna, ankati ndi mabodza oonekeratu. Ankakonda mafilimu a nkhani zoona, a anthu enieni, ndipo ankawaonera ngati kapitawo woyendera munda. Munthu akamalankhula, chithunzi n'kulumpha kuchoka pankhope kupita pa manja kapena pa nkhuku ya pabwalo, a Laitoni ankamenya tebulo kuti apa adula mawu, nkhukuyo aikapo kuti tisaone chilonda. Nyimbo yachisoni ikayamba ankatiuza kuti konzekani, akukulamulani kulira. Ine ndinkangofuna kumva nkhani, koma ndinkatha filimu yonse ndikumva iwo.

M'minda ya tiyi mumabwera anthu a makamera kawirikawiri, poti malo ake ndi okongola ndipo anthu ake ndi osauka. A Laitoni anawaona onse, n'kuwapatsa maina. Ena ankawatcha alaliki. Awa amajambula mapiri, madengu ndi manja osakufunsa kanthu, kenako mawu a munthu wosaoneka amalankhula pamwamba pako kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Oterewa ndi amene kampani inawaitana nthawi ina. Othyola tiyi anapatsidwa maepuloni atsopano n'kuuzidwa kuti aziimba akugwira ntchito, ndipo makamera atapakidwa, maepuloniwo anatoledwanso. A Laitoni anaonekamo kamphindi ataima pa sikelo. Za maepuloniwo sindinawamvepo akudandaula, poti iwo anavala malaya awoawo ndipo anatuluka bwino.

Ena anali alenje, amene amakhala chete pakona ndi kamera, kukuuza kuti uiwale zoti alipo, n'kumadikira kuti uchite chinthu pawekha. Anyamata awiri a mtundu umenewu anakhalapo pa komboni nyengo yonse ya mvula. A Laitoni ankati komboni sinaseseredwepo ngati nthawi imeneyo, ndipo amayi amene ankatukwanizana pa mpopi tsiku ndi tsiku anayamba kupatsana moni ngati a kwaya. Ankawaseka alenjewo, komabe ankavomera kuti ndi okhawo amene sanauze munthu choti achite. Amene ankawakonda kwambiri anali amene ankawatcha apolisi, aja amakukhazika pampando, kukuwalitsira nyali kumaso, kukupanika kamaikolofoni pa kolala, n'kumakufunsa mafunso. Pakamwa mkuluyu sankachepa, ndipo ankakhulupirira kuti akangopatsidwa mpando wotere palibe angawalande nkhani.

Gulu limene linawapweteka linabwera kudzera ku tchalitchi kwathu. Linali ndi mayi wachizungu wotsogolera, bambo wojambula, ndi womasulira wa ku Harare. Ankati akupanga filimu ya nkhani yoona yokhudza anthu ochokera ku Malawi amene anakalambira m'minda ya tiyi. Abusa asanamalize kulengeza, a Laitoni anali ataimirira kale. Nthawi imeneyi n'kuti pasipoti yawo itatuluka, a Samisoni atawagulira sutikesi, ndipo ulendo wa ku Mulanje utakonzedwa kuti uchitike mvula ikatha. Iwo anaona kuti filimuyo idzawalambulira njira. Lamlungu lomwelo anauza a Filesi kuti adziwitse mudzi wonse.

Anawajambula m'chipinda chathu chochezera, atavala suti yotuwa ndi tayi, kumbuyo kwawo kuli kabati ya mbale ndi satifiketi yowathokoza pa ntchito. Analankhula m'mawa wonse. Ananena za njala ya panjira ali mnyamata, za kugona m'tchire, za kupempha chinangwa chouma kwa anthu osawadziwa. Ananenanso za kukwera kwawo pa ntchito, za nyumba, za ana amene anawaphunzitsa sukulu. Mayi uja ankangogwedeza mutu misozi ili m'maso, ndipo ndisaname, ine ndinamukonda.

Mawa lake anabweranso ndi pempho. Womasulira anafotokoza kuti anthu a masiku ano satha kuonera nkhalamba ili pampando nthawi yaitali, amafuna kuona zinthu zikuchitika. Choncho ankafuna a Laitoni asewere mmene analowera m'dziko muno, opanda nsapato, atavala zong'ambika, kamtolo paphewa. Anati mbali imeneyo adzaichotsa mtundu kuti ioneke yakale, ndipo pansi adzalemba kuti n'zakale. Ine mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinawaitanira kukhitchini, chinthu chimene mpongozi sachita.

"Bambo, munthu wa msinkhu wanu n'kumakayenda pamsewu mapazi ali pansi? Anthu akakuonani ati chiyani?"

"Apongozi, inu kanema simumudziwa. Ili ndi sewero la zakale, woonera aliyense amazindikira. Achemwali anga aone kaye kumene ndinachokera, kenako aone suti. Filimu imakoma choncho."

Anabwereka ovolosi yong'ambika kwa neba wathu wokonza makombi. Tinapita nawo kumsewu wafumbi m'mphepete mwa esiteti ina, ndipo pamenepo anavula nsapato n'kundipatsa ine kuti ndigwire. Kunena zoona, anasewera kuposa mmene anawapemphera. Kutsimphina anawonjezera okha. Ndi iwonso amene anati pafunika chinangwa, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu kumachitafuna pang'onopang'ono maso ali kutali. Wojambula anachotsa kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu n'kuinyamula pamanja, kumawatsata pambuyo, nthawi zina kuitsitsa mpaka pa zidendene. Kandege kojambulira kankalira pamwamba. Anawabwerezetsa kangapo konse kuti dzuwa liwagwere bwino, iwo osatopa. Pobwerera mapazi awo anali atang'ambika, ndinachita kuwatenthetsera madzi, koma anali osangalala ngati mkwati.

Filimuyo tinaionera pa TV yathu patapita miyezi, aneba atadzaza m'nyumba, poti a Laitoni anaitana laini yonse. Inayamba ndi minda yobiriwira yoonekera kumwamba, kenako kadontho kakuyenda pamsewu, kenako zidendene. Mtundu sanachotse, ndipo pansi sanalembe kanthu. Mawu a Chingerezi a munthu wosaoneka anayamba kufotokoza kuti m'minda yokongolayi muli nkhalamba zimene zagwira ntchito moyo wonse n'kutsala zilibe nyumba, zilibe dziko. Kenako panamveka mawu a apongozi anga eniake akunena za kugona m'tchire ndi kupempha chakudya, funso lake litadulidwa, chithunzi chikuonetsa iwo akutafuna chinangwa m'mbali mwa msewu. Tinadikira suti. Tinadikira mpando, kabati, satifiketi. Maina a opanga filimu anayamba kukwera, ndipo aneba anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika bwinobwino.

A Samisoni anawadandaulira anthuwo, ndipo yankho linabwera laulemu kwambiri. Anati podula ndi kulumikiza filimu anaona kuti suti ndi nyumba zikanasokoneza oonera, ndipo kulemba pansi kukanachepetsa mphamvu ya chithunzi. Anati a Laitoni anaimira nkhalamba zambiri zimene zikuvutikadi. Nkhalamba zimenezo ziliko, ine ndimazidziwa ndi maina omwe, zina timazipititsira ufa ndi amayi anzanga a ku tchalitchi. Nanga bwanji sanakajambule zimenezo? Ine ndimaona kuti munthu wovutikadi sangakubwerezere kutsimphina kwake mpaka dzuwa ligwe bwino, ndipo anthu aja ankathamangira ndege yobwerera kwawo.

Ku Mulanje, mwana wa a Filesi anaipeza filimuyo pa foni monga anauzidwira, ndipo mudzi unasonkhana kudzaonera. Lamlungu lotsatira foni inalira, a Laitoni n'kuikweza mawu kuti tonse timve, monga ankachitira nthawi zonse. A Filesi ankalira.

"Achimwene, zaka zonsezi mumadzimana kuti mutitumizire mabulangete, inu mukugona kutchire? Bwanji osanena? Ndine mlongo wanu ine."

"Achemwali, lijatu ndi sewero. Ndili m'nyumba mwanga muno, ndavala nsapato."

"Musachite nane manyazi. Mapazi anu ndawaona ndi maso anga."

Patapita nthawi pang'ono, woyendetsa thiraki wina anatsitsa katundu pakhomo pathu. Munali ufa, nandolo, malaya a kaunjika ndi nsapato zapulasitiki zatsopano. Amayi a ku tchalitchi cha kumudziko ndi amene anasonkha. A Laitoni anayang'ana katunduyo n'kulowa kuchipinda. Akanakhala kuti anyozedwa, mkuluyu akanadziwa poyankha, pakuti kukangana inali ntchito yawo. Koma chifundo sankadziwa pochigwira. Ufawo tinadya, nandolo tinadya, iwo osakhudza, ankachita kundifunsa kuti nsima ya lero ndi ya ufa uti.

Anaganiza zobwezera ndi filimu inzake. Anaitana Mlambo, wojambula maukwati kuno ku Gaza, ndipo Mlambo anachita zimene amadziwa. Anaimika kamera pa choimikira chake, anaika nyimbo ya kwaya pansi, maluwa ouluka m'mbali, ndi dzina la a Laitoni likuzungulira mwa golide. Anajambula suti, sofa, firiji yotsegula, nyumba kunja ndi mkati, ife tonse titaima pamzere tikubayibitsa. Chilichonse chinali choona mpaka supuni. Titaionera ine ndinaona kuti inkaoneka ngati yotsatsa malonda a mipando. Mwana wa a Filesi anayankha mwaulemu kuti amalume asamavutike kubwereka nyumba za eni, iwo amawakonda mmene alilimo. Kumudzi anakhulupirira filimu yogwedera, yafumbi, yopanda maluwa, ya mawu a Chingerezi. Ya Mlambo inangowawonjezera chisoni.

Apa ndi pamene tinakangana koopsa. Pasipoti inalipo, sutikesi inali itapakidwa, mvula inali itatha. Ndinawauza kuti akwere basi, a Samisoni awaperekeze, akafike anthu akawaone ndi kuwagwira. Iwo anati akafika ndi suti anthu azikanong'onezana kuti ndi yobwereka, akapereka mphatso azikazikana kuti nkhalamba ingafe ndi njala, ndipo mudzi wonse ukawalonjera ndi mawu aja olonjerera wodwala. Anati adikira kaye kuti anthu aiwale. Ine ndinapsa mtima n'kuwauza kuti a kamera anawapweteka, inde, koma amene akuwatsekereza panopa ndi kunyada kwawo, ndipo a Filesi si mwala woti uzingodikira. Anandiyankha ndi muroora, n'kukhala osandilankhula mpaka Khirisimasi. Mawu amenewo sindinawabweze, ndipo ngakhale lero sindikuwabweza.

A Filesi anamwalira chaka chotsatira, nthawi yokolola. Maliro a kumudzi sadikira munthu wa ku Chipinge. Mwana wawo anajambula mwambowo ndi foni n'kutitumizira. Kanemayo anali woipa, chala chikutseka pakona, mphepo ikuwomba m'mawu, bokosi likulowa ndi kutuluka m'chithunzi. A Laitoni anamuonera atakhala m'mphepete mwa bedi, ine nditawagwirira foni. A Samisoni anayesa kuwachotsa pamenepo.

"Baba, basi, tidikire mapikicha abwino. Awa sakuoneka mushe."

"Ayi. Uyu ndiye woona. Sukuona akugwedera?"

Anandipempha kuti ndibwezerenso poyambirira, ndipo ndinatero mpaka foni inatha moto. Pamaso pathu sanalire.

Kuyambira pamenepo TV ikayatsidwa ankatuluka panja. Nthawi ina anthu ena a kamera anafika ku tchalitchi kufunsa nkhalamba yodziwa kusimba, abusa n'kuwalozera kwathu. A Laitoni anawalandirira pageti osawatsegulira, n'kuwauza kuti nkhalambayo inasamuka. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, tinawatengera ku chipatala cha ku Mount Selinda, ndipo anamwino anayesetsa ndithu. Anamwalira kumeneko masana, a Samisoni atawagwira dzanja. Za ku Mulanje sanatchule.

Mwana wa a Filesi anatiimbira pa tsiku la chikumbutso kutipepesa. Munthuyo ndi wabwino, ndipo ananena ndi mtima umodzi kuti amalume sadzaiwalika. Akuti adzukulu akafunsa za agogo awo amene anapita ku Zimbabwe, iye amawatsegulira filimu ija pa foni. Ana amalira akaona mapazi, ndipo iye amawauza kuti alimbikire sukulu, angadzathere pamsewu ngati agogowo. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndinaona kuti ndikhala ngati Mlambo wachiwiri, ndiye ndinangothokoza.

M'chipinda chawo sitinaikemo munthu. Abale atagawana zovala monga mwa mwambo wa kuno, munatsala bedi lopanda matiresi, msomali pakhoma, ndi zenera loyang'ana kuseri kwa nyumba ya aneba. Ndimasesamo Loweruka n'kutsekanso. Sutikesi anaitenga msuweni wina wa ku Samanga, akuti amasungiramo mbewu. Pakona pamene inakhala nthawi yonse ija, dzuwa ndi mapazi sizinkafikapo, ndiye polishi wa pansi adakali wofiira kuposa pena ponse. Ndi kamalo kakang'ono, kongokwana katundu wa munthu mmodzi wopita kwawo.